Manja muziwatani mukaima kutsogolo kwa anthu

Sabata yatha tinali ndi miting'i ya kalabu yathu ya mpunga kuno ku Nkhotakota, ndipo mnyamata amene tinamusankha kukhala sekilitale anaimirira kuti apereke lipoti. Mnyamatayu ndimamudziwa bwino, amapitanso kunyanja, ndipo ukamupeza kudoko m'mawa akufotokoza mmene mwera unawavutitsira usiku umachita kuwaona mafundewo ndi maso ako, dzanja likukwera likutsika, bwato likupendama, iwe amene unagona kunyumba mpaka mtima kugunda. Koma tsiku limenelo ataima pamaso pa anthu oti amawadziwa onse, ena ndi azakhali ake enieni, manja aja anasowa pokhala. Analowa m'thumba, anatuluka, anakagwira lamba, kenako anayamba kupindapinda pepala la lipoti lija mpaka linakhala ngati ndudu. Zimene ananena zinali zanzeru ndithu koma anthu maso anali pa pepala lopindidwalo, ndipo pobwerera palibe amene ankazikambanso. Zinandikhudza kwambiri chifukwa mwanayu anakonzekera, nde madzulo ake ndinamuitana tinakhala pakhonde mpaka mdima, ndipo zimene tinakambiranazo ndi zimene ndikulemba panozi kuti zithandizenso ena.

Ine ndakhala ndikuyendetsa mwambo pa zinkhoswe ndi maukwati kwa zaka ndithu, komanso ndimaphunzitsako alimi anzanga, nde ndisanalowe mu masitepe ndikufuna mumve kaye ichi, kuti palibe chachilendo chimene mukukaphunzira. Chichewa chathuchi pachokha chimayenda ndi manja. Tayesani kunena kuti "madzi anafika apa" kapena "uzigwira chonchi" kapena "anathawira uko" manja mutawabisa, muona kuti mawuwo atsala m'malere, chifukwa apa, uko, chonchi, chotere ndi mawu odikira dzanja kuti liwamalize. Muonenso munthu akamayankhula pa foni mumsewu, dzanja linalo limangolozaloza pamene amene akuyankhula nayeyo ali ku Joni sakumuona n'komwe. Ku America ofufuza awiri, Jana Iverson ndi Susan Goldin-Meadow, anasindikiza mu 1998 zimene anapeza zoti ngakhale ana obadwa osaona amayendetsa manja poyankhula, olo pamene akuyankhula ndi munthu wosaonanso, ana oti sanaonepo wina akutero kuti atengere. Nde manja anuwo ntchito amaidziwa kale, chimene chimawamanga mukaima kutsogolo ndi mantha basi, ndipo chofunika ndi kuwamasula kenako kuwaphunzitsa muyezo ndi ulemu.

Poyamba penipeni, dzioneni. Pemphani mwana wanu kapena mnzanu akujambuleni vidiyo pa foni kawiri. Koyamba akujambuleni mukucheza wamba, mukufotokoza nkhani imene imakusangalatsani, kaya ya Bullets ndi Manoma kaya ya mvuu imene inakuthamangitsani kudimba, ndipo bola akujambuleni inu musakudziwa. Kachiwiri imirirani ngati muli pa msonkhano ndi kunena zimene mukufuna kukanenazo kwa mphindi ziwiri. Mukatero tsitsani voliyumu mpaka zii, muonere mavidiyo onse awiri opanda mawu. Woyamba uja mupeza kuti nkhani ikumveka olo mawu palibe, wachiwiriwo ndi umene ukuuzeni matenda anu, kaya ndi kukanda mutu, kukokakoka malaya, kumangamanga chitenje choti chamangika kale, kuliza makiyi, kudinadina bolopeni, kugwira mphuno. Sankhanipo ziwiri zokha zimene zikubwera pafupipafupi ndipo mulimbane ndi zimenezo, zinazo zisiyeni kaye. Galasi silithandiza kwenikweni pa ntchito imeneyi chifukwa munthu ukangodziyang'ana umayamba kudzikonza, nde suona zimene anthu amaona.

Chachiwiri, manjawo apezereni kwawo, poti azibwerera akamaliza ntchito. Ine ndimawaika patsogolo, chapamwamba pang'ono pa mchombo, dzanja lina litagona pa linzake mopepuka ngati mwafumbata dzira, zigongono zitapatuka pang'ono ku nthiti. Osafinya zala, osakolowanitsa mpaka kuyera. Ena amakonda kungowasiya lende m'mbali ndipo palibe vuto, kungoti kwa inu zimamveka zachilendo masiku oyamba pamene kwa oonera zimaoneka bwinobwino. Ngati mwakhala pa tebulo aikeni pamwamba poonekera, osati pansi pa tebulo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pamenepa ndi choti malo ena onse amene mantha amatengerako manja, kwathu kuno ali kale ndi tanthauzo, ndipo anthu amawerenga inu musanatsegule pakamwa. M'thumba pamaso pa akuluakulu ndi mwano, zimenezo olo mwana amadziwa. M'chiuno ndi mmene amaimira munthu amene akuputa ndewu pa mjigo. Kupinda manja pachifuwa anthu amati wakwiya kapena sakufuna kumva za ena. Kugwira tsaya muli pa tebulo la kutsogolo kudikira nthawi yanu, agogo akanakhala pafupi akanakuchotsani dzanjalo n'kufunsa kuti kwagwanji. Manja kumutu kapena kunkhongo nde musayerekeze, ameneyo ndi munthu wobwera ndi uthenga wa zovuta. Kuika manja kumbuyo ndi ulemu ndithu pamene mukumvetsera, koma poyankhula kumamanga mapewa ndipo mawu amatuluka ngati mukuyankha mlandu.

Chachitatu ndi pamene pagona nkhani, nde ndichedwapo. Tengani zimene mukukanenazo, kaya munalemba kaya zili m'mutu, ndipo mufufuzemo zinthu zimene diso lingathe kuona. Zimakhala za mitundu inayi, kukula kwa chinthu, kuchuluka kwake, komwe chili, ndi kachitidwe kake. Pamenepo ndi pamene dzanja lili ndi ntchito. Mawu ngati chitukuko, mgwirizano, kudzipereka, amenewo musavutike kuwajambula mumlengalenga, manja akhale kwawo, pakamwa pagwire ntchito. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amagwedeza dzanja pa liwu lililonse mofanana ngati akupha ntchentche, nde pofika pa mfundo yeniyeni dzanja lilibenso chatsopano chonena ndipo anthu anasiya kalekale kuliyang'ana.

Za kukula phunzirani kwa amayi ogulitsa nsomba pa Chia paja. Mkono wamanzere amautambasula, dzanja lamanja n'kuliika pamene pakuthera nsombayo, pomanga wotchi ngati ndi kachambo kakang'ono, pachigongono ngati ndi chambo chenicheni kapena nsomba ya mpasa ya mu Bua, paphewa ngati ndi kampango, ndipo aliyense wamva osafunsanso. Tinene kuti muli mu komiti ya kudoko ndipo mukuuza anthu kuipa kopha nsomba ndi neti ya udzudzu, mutha kuyankhula ola lathunthu za tsogolo la nyanja anthu akuwodzera, koma kwezani kachala kakang'ono, gwirani pa mfundo yoyamba ya kachalako ndi kunena kuti "tinsomba timene tikukodwa mu netimo ndi totere, tisanaikire n'komwe mazira", kenako dzanjalo lisiyeni pompo anthu aliyang'ane, muona nkhope zikusintha. Koma chenjerani pa kutalika kwa munthu. Mukamanena za mwana dzanja liziimirira, zala kuloza kumwamba. Chikhatho choyang'ana pansi ndi cha mbuzi, cha galu, cha chimanga m'munda, ndipo agogo athu amati ukamuyeza mwana choncho umamupinimbiritsa. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, mayi ake a mwanayo ali pomwepo ndipo sasangalala.

Za kuchuluka, ngati muli ndi mfundo zitatu nenani kuti zilipo zitatu ndipo muzionetse. Kwezani dzanja lifike chapaphewa, chikhatho kuyang'ana kwa anthu kapena kwa inu zilibe kanthu bola zala zikuoneka, yambirani ku kachala kakang'ono mmene timawerengera kwathu kuno, ndipo chala cha mfundo imene mukufotokozayo chigwireni ndi dzanja linalo mpaka mumalize, musanasamukire ku chinzake. Pomaliza dutsaninso zala zomwezo mwachidule. Ubwino wake ndi wapawiri, anthu amadziwa pamene mwafika ndi kuti kwatsala zingati, komanso inuyo mukaiwala chala chimakukumbutsani. Mfundo zisapitirire zala za dzanja limodzi, ndipo kunena zoona zitatu ndi zimene anthu amapita nazo kunyumba. Ku banki mkhonde pofotokozera membala watsopano kuti masheya amagulidwa kuyambira imodzi mpaka asanu pa mkumano, zala zimakwana bwino, koma ikafika nkhani ya ndalama zenizeni, chiwongoladzanja ndi zotsala m'bokosi, lembani manambala pa pepala lalikulu kapena pa bolodi, ndalama za anthu sizionetsedwa mumlengalenga.

Pa zala pomwepa ndichenjezeko za ndale. Chala chamkombaphala chokha chokwezedwa m'mwamba anthu akuluakulu amachidziwa kuti ndi cha Kongeresi kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndipo zala ziwiri zotambasula ndi zimene ankakweza ofuna matipate ambiri nthawi ya riferendamu ya 1993. Nyengo ya kampeni ikayandikira anthu maso amakhala akuthwa pa zimenezi, nde ngati muli pa msonkhano wa kalabu, wa tchalitchi kapena wa sukulu, werengerani zala zanu pafupi ndi chifuwa mukuzigwira ndi dzanja linalo, musazikweze pamwamba pa mutu, kuopa kuti wina angapite akunena kuti tcheyamani amachititsa msonkhano wa chipani.

Za komwe chinthu chili, apa ife a kunyanja sitinamizika. Aliyense pamsonkhanopo akudziwa kuti nyanja ili kum'mawa, Dwangwa ili kumpoto, Salima kummwera, ndipo msewu wa ku Kasungu umakwera kumtunda kudutsa m'nkhalango. Mukanena kuti ku Dwangwa dzanja likuloza ku Benga, anthu sakudzudzulani koma m'mitima aona kuti munthuyu akungoponya manja, ndipo ayamba kukayika ndi zina zomwe. Nde mukafika pamalo, musanayambe, dziwani kaye kuti nyanja ili mbali iti. Ngati ndi kutali kwezani mkono ndi kukoka liwu, "kutaliii", ena amalizako ndi zala, ndipo zimamveka bwino kwabasi. Palinso njira ina imene imathandiza popereka lipoti, yogawira zinthu malo mumlengalenga. Zokolola za chaka chatha ziikeni kumanzere kwanu, za chaka chino kumanja, kapena ndalama zolowa mbali ino zotuluka mbali inayo, ndipo nthawi iliyonse mukazitchula dzanja lizibwerera pamalo omwewo. Mukangosinthanitsa pakati pa nkhani mwawasokoneza onse.

Za kachitidwe nde ndi zimene timakhalira nazo ife alimi. Kunena kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, mmene timadzalira chimanga cha Sasakawa, ndi zoona koma agogo amene akhala kumbuyo uko sentimita sakuidziwa. Werama, onetsa ndi manja pansi penipeni, ndipo popeza zikhatho zimasiyana kukula, bwera ndi kamtengo kodula kale pa muyezo, ukaonetse m'mwamba kenako ukapereke kayende m'manja mwa anthu. Chimodzimodzi wa zaumoyo akamaphunzitsa kusungunula Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, botolo la lita likhale m'manja. Chinthu chenicheni chimaposa chojambula ndi manja nthawi zonse ngati chinganyamulike. Chitani pang'onopang'ono kuposa mmene mumachitira kumunda, chitani kawiri, kenako itanani munthu mmodzi abwereze inu mutaima pambali manja ali kwawo.

Chachinayi ndi nthawi yake. Dzanja ndi liwu zifikire limodzi, kapena dzanja litsogoleko pang'ono, koma lisabwere m'mbuyo. Mukanena kuti "yadzadza" kenako patapita kanthawi n'kumenya chikhatho pamwamba pa chibakera, zimaoneka zochita kuloweza. Taonani kondakitala wa minibasi pa depoti, chikhatho chimagwa pa chibakera nthawi yomweyo imene liwu likutuluka, tho! Mawu athu aja oti mbee, psiti, balala, gwa, phwii, ndi amene amakoka dzanja okha, nde musawachotse mu zoyankhula zanu poganiza kuti ndi achimidzi, amenewo ndi amene amadzutsa anthu. Mukaonetsa chinthu musathamangire kubweza dzanja, lisiyeni pamenepo muwerenge mumtima kamodzi, kawiri, kenako libwerere kwawo. Anthu amantha amachita timanja tating'onoting'ono tothamanga tothera m'chiuno, zigongono zitamatirira ku nthiti, ndipo zimenezo zimangoonetsa manthawo. Bola kuonetsa zinthu zisanu zokha mu zoyankhula zonse koma chilichonse chathunthu.

Chachisanu, ulemu, ndipo apa ndi pamene munthu amagwa olo atakhoza zina zonse. Ndinaonapo pabwalo la milandu kumudzi bambo wina amene mlandu wa malire a dimba unkamukomera ndithu, mboni anali nazo, koma mtima utakwera anaimirira n'kuyamba kugwedeza chala kumaso kwa nyakwawa imene inamufunsa funso. Bwalo lonse linangoti zii, nkhani ya dimba inaima, anayamba kaye kukamba za chalacho, ndipo bamboyo analipa nkhuku asanamve n'komwe chigamulo chimene anabwerera. Munthu salozedwa ndi chala, olo akhale mwana wanu pagulu. Mukafuna kutchula munthu tambasulani dzanja lonse, chikhatho kuyang'ana kumwamba, zala zitagundana, ngati mukumupatsa kanthu, ndipo ngati ndi amfumu, agulupu, abusa, ashehe kapena apongozi, dzanja lamanzere ligwire mkono wamanjawo ndipo muweramitseko mutu. Pa chinkhoswe ndikamaitana ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi ndimagwiritsa manja onse awiri chonchi, ndipo anthu amadzuka akumwetulira. Mukafuna kunena za gulu lonse yendetsani dzanja lotambasula kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, ndipo mukamadzudzula khalidwe loipa, monga kusabweza ngongole, dzanja lisapite kwa munthu aliyense, liikeni pachifuwa panu ndi kunena kuti "ifeyo", chifukwa amene ali ndi ngongoleyo akudzidziwa kale ndipo mukamuloza mawa sabweranso.

Kukodola munthu, chikhatho chiyang'ane pansi zala zonse zikupindikira kwa inu, osati kachala kamodzi koyang'ana kumwamba, ndipo wamkulu sakodoledwa, mumamutumira munthu kapena kupita nokha. Pamaso pa mafumu yambani ndi kuwomba m'manja kwaulemu kuja, zikhatho zitakhota kuti kumveke kolemera osati kwa ku mpira, mutanjuta kapena mutagwada monga mwa mwambo wa pamalopo, kenako muimirire mukaloledwa. Cholandira ndi chopereka, kaya maiki kaya envulopu ya perekaniperekani, manja awiri. Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima timakhala limodzi Akhristu ndi Asilamu, nde dziwaninso kuti dzanja lamanzere lokha siliperekera kanthu, ndipo pali amayi ndi abambo ena amene sagwirana chanza ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo, choncho musaumirize, ikani dzanja lamanja pachifuwa ndi kuweramitsa mutu, moni wafika. Amanzere musadandaule, yankhulani ndi dzanja lanu lomwelo poonetsa zinthu, koma popereka ndi potchula akuluakulu sinthani. Ndipo njira ya kumanda kapena manda enieniwo ambiri saloza ndi chala, amapinda zala kapena kungolozera ndi mutu, nde inunso teroni.

Chachisanu ndi chimodzi, yezani malo. Pakhonde ndi anthu khumi manja asapitirire m'lifupi mwa mapewa anu. Pansi pa mtengo ndi mudzi wonse, kapena mu holo, kwezani manja afike pachifuwa ndi kupitirira, mkono utambasuke kuchokera paphewa, chifukwa wakumbuyo zimene zikuchitikira pamimba panu sakuziona, akuona mitu ya anzake. Koma manja asatseke nkhope. Maiki igwireni ndi dzanja limene simuligwiritsa kwambiri ndipo dzanja limenelo lisachoke pansi pa chibwano, ndaona anthu ambiri akulozera ndi dzanja la maiki nde mawu amangoti kubwera kupita ngati wailesi yotha mabatire. Ngati muli ndi maiki ndi pepala nthawi imodzi manja onse agwidwa, nde pemphani tebulo kapena mnzanu akugwirireni chimodzi, ndipo bola kulemba mitu yokha pa kakhadi kolimba kokwana m'chikhatho kusiyana ndi pepala lalikulu limene limanjenjemera ndi kuuluzika ndi mphepo ya kunyanja. Foni, makiyi a njinga yamoto, botolo la madzi, zonsezo zisiyeni pampando. Kamuzu ankayankhula litchowa lili m'manja koma limenelo linali gawo la ulemerero wake, makiyi anu sanena kanthu.

Pa vidiyo ya pa foni, kaya mukutsatsa malonda pa Facebook kaya mukuyankhula pa WhatsApp ndi amene akufuna kukulembani ntchito, foni iimikeni penapake musaigwire, khalani patali pang'ono kuti chifuwa chizioneka, manja azikhala pafupi ndi thupi ndipo aziyenda pang'onopang'ono, chifukwa mukawasendeza ku kamera amakula kuposa mutu ndipo netiweki ikafooka amangooneka mbuu. Pa wailesi nde zimatembenuka. Akakuitanani ku wailesi yathu ya Nkhotakota manja muziyendetsa ndithu chifukwa amathandiza mawu kutuluka amoyo, koma kumbukirani kuti womvera ali ku Mwansambo sakuona, nde chonchi, apa ndi chotere zonse muzimasulire, munene kuti kutalika ngati kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono. Ndipo musamenye tebulo, maiki imatola.

Pamaliro ndi pena. Mukapatsidwa mwayi woyankhula m'malo mwa banja, mpingo kapena kalabu, manja akhale kwawo pafupifupi nthawi yonse, ogwirana patsogolo, chipewa chili m'manja ngati munavala. Dzanja lingotuluka potchula amfumu ndi anamfedwa, mwina ndi kuliika pachifuwa popepesa, basi. Kuwerenga zala ndi kutambasula mikono zisungireni tsiku lina.

Ndinenekonso za abale athu osamva chifukwa ena amasokoneza. Kuyankhula ndi manja kumene ndikufotokoza kunoku si chinenero chamanja ayi. Chimenecho ndi chinenero pachokha chokhala ndi malamulo ake, chimene mumaona womasulira akuchita pakona pa nkhani za pa MBC, chimene ana amagwiritsa ntchito ku sukulu ya osamva ya ku Mua, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD ndi limene limachilimbikitsa. Ngati pamsonkhano wanu pali munthu wosamva musaganize kuti manja anuwo akwanira, pezani womasulira kapena wachibale amene amamvana naye, mumukhazike kutsogolo, inuyo muyang'ane kwa iye pakamwa posatseka, ndipo musadutsedutse pakati pa iye ndi womasulirayo.

Chotsiriza ndi kuyeserera, komanso nkhani ya kunjenjemera imene aliyense amandifunsa. Manja amanjenjemera chifukwa thupi likachita mantha limakonzekera kuthawa, si matenda ndipo si kuti ndinu wolephera, zimachepa zokha mukangodutsa mphindi zoyambirira. Muli pampando kudikira, finyani zibakera mwamphamvu pansi pa tebulo muwerenge mpaka 5 kenako mumasule, katatu, pukutani thukuta pa kansalu, pumani mpweya wautali. Mukaimirira musayambe ndi kukweza pepala kapena chala chimodzi chifukwa pamenepo ndi pamene kunjenjemera kumaonekera, yambani ndi chinthu chachikulu cha manja onse awiri, monga kuwatambasula polonjera anthu kuti "zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo", mapewa amamasuka pomwepo. Poyeserera kunyumba musaloweze kuti pa liwu ili ndikweza dzanja ili, mudzaoneka ngati mwana wa ndakatulo pa asembule. Ingodziwani malo anu atatu kapena asanu aja amene muli chooneka, fotokozerani nkhaniyo mlongo wanu kapena akazi anu kukhitchini mutaimirira, kawiri katatu, tsiku lililonse mawu azisinthako koma zoonetsazo zikhale zomwezo, kenako jambulaninso vidiyo ndi kuionera yopanda mawu ngati poyamba paja. Lamulungu kutchalitchi kapena Lachisanu kumzikiti muziyang'ananso amene amalalikira bwino, muone nthawi imene manja awo angokhala phee, mudabwa kuti ndi nthawi yambiri.

Sekilitale wathu uja mwezi wamawa ndi amene adzafotokozere kalabu za kagawidwe ka madzi m'minda ndi masiku owokera mpunga. Tagwirizana kuti pepala lalikulu alisiye, alembe mitu itatu pa kakhadi, ndipo ngalande adzazionetse kumene zilidi, ya kumtunda kumtunda, ya kunyanja kunyanja. Loweruka lino abwera kunyumba ndi foni yotchaja kuti mng'ono wake adzamujambule, ndipo ndamuuza kuti vidiyo yoyamba adzafotokoze za mwera uja.